Misala Ili Pamwamba Pokha: Kusoka ndi Kupeta Crazy Quilt Motsatira Nyengo

Munthu akaona koyamba crazy quilt, nsalu yokongoletsera yonga bulangete yosokedwa ndi zigamba, amaganiza kuti wosokayo anangosesa zigamba pansi pa tebulo la telala n'kuzilumikiza mmene zagwera. Palibe chigamba chofanana ndi chinzake, veleveti wagundana ndi silika, pamsoko uliwonse padutsa ulusi wopeta, pakona pakhala kangaude wa mikanda. Mukaitembenuza isanaikidwe nsalu yakumbuyo mudzapeza kuti zigamba zonsezo zasokeredwa pa nsalu imodzi yosalala, yoyezedwa ndi rula, ndipo zinaikidwa motsatana, china pambuyo pa chinzake. Ntchito zambiri zimene zimathera m'kabati zosamaliza zimakhala zitalakwika pa nsalu yapansiyo kapena pa ndondomeko, singano yopetera isanagwiridwe n'komwe.

Luso limeneli kwawo ndi ku America ndi ku Britain, m'zaka za m'ma 1880. Mu 1876 ku Philadelphia kunachitika chionetsero chachikulu chokumbukira zaka 100 za ufulu wa dziko la America. Anthu kumeneko anachita chidwi ndi katundu wochokera ku Japan, wokongoletsedwa mosatsata mizere yofanana, kuphatikizapo mbale ndi mitsuko yokhala ndi timing'alu tambirimbiri pamwamba. M'Chingerezi ming'alu yotere amaitchula ndi liwu lapachibale ndi lakuti crazy, lotanthauza misala, ndipo ambiri amati dzinali linachokera pamenepo. Pachionetsero chomwecho panalinso ntchito zopeta za sukulu ya ku South Kensington ku London, imene inakhazikitsidwa mu 1872 ndipo lero imadziwika kuti Royal School of Needlework. Patangopita zaka zochepa, magazini a amayi anadzaza ndi malangizo, ndipo mafakitale a silika anayamba kugulitsa timapaketi ta zigamba kudzera pa positi. Amayi ankasokeramo maliboni achikasu omangira ndudu za fodya, maliboni a kampeni ya ndale, zidutswa za diresi la ukwati. Nsalu zimenezi sizinali zofunda. Ankaziyala pa sofa kapena pa piyano m'chipinda cholandirira alendo, ndipo zambiri zinalibe thonje mkati.

Pali phunziro limodzi limene makwiliti akalewo atisiyira, ndipo amene anaona osungidwa m'malo ngati International Quilt Museum ku Lincoln, Nebraska, amalidziwa. Silika wa nthawi imeneyo ankagulitsidwa potengera kulemera kwake, ndiye opanga ankamuviika m'mchere wa zitsulo, makamaka tini, kuti alemere. Lero silika ameneyo akung'ambikang'ambika yekha ngati tsamba louma, koma nsalu ya pansi ndi ulusi wopeta zikadali zolimba, zikugwira malo a chigamba chimene chinatha kalekale.

Maziko

Yambani ndi buloko imodzi, kutanthauza chigawo chimodzi cha sikweya, ya masentimita 20 mbali zonse. Bulangete lathunthu lidikire. Nsalu ya maziko ikhale bafuta wa thonje wopyapyala koma wolukidwa mothinana, kapena shiti yakale yoyera imene sinathe pakati. Ichapeni ndi kuisita musanaidule, chifukwa bafuta watsopano amafupika akanyowa, pamene poliyesitala amene mwasokerapo safupika, ndipo buloko yonse imatukumuka.

Dulani masentimita 28 mbali zonse. Inde, 28 pa buloko ya 20. Masentimita 4 otsala mbali iliyonse ndi ogwirira ndi manja kapena mkombero wopetera, komanso kupeta kumakoka nsalu, moti buloko imachepa ndi theka la sentimita kapena kuposerapo. Kuseri kwa bafutayo jambulani ndi pensulo sikweya ya 20, ndipo kunja kwake ina ya 23. Zigamba ziyenera kufika mpaka pa mzere wa 23. Mukamaliza kulumikiza zigamba, sokani ndi manja masititchi ataliatali a ulusi wowala potsata mzere wa 20 kuti uzioneka kumaso. Mzere umenewu ndiwo udzakuuzani pamene kupeta kuyenera kuthera. Osautsata amapeta duwa lokongola m'mphepete, kenako theka lake limamezedwa ndi msoko.

Pa buloko yotere pamafunika zigamba 8 mpaka 11. Zikachepera 7 imaoneka ngati chovala chong'ambika chimene changomatidwa. Zikapitirira 12 sipatsala malo opetapo. Mwa zigamba zitatu zilizonse, ziwiri zikhale za mtundu umodzi wopanda maluwa, chimodzi chokha ndicho chikhale ndi zojambula, ndipo ziwiri zamaluwa zisagundane. Apa ndi pamene chitenje chimapusitsa anthu. Zigamba za chitenje n'zosavuta kupeza kwa telala aliyense, ndipo mitundu yake ndi yokoma, koma zojambula zake n'zaphokoso moti ulusi wopeta umangosoweramo. Dulani kachigawo kamene kali ndi mtundu umodzi kapena iwiri, kapena tsamba limodzi lathunthu, ndipo mukazungulize ndi nsalu zodekha.

Nsalu zapamwamba zimapezeka pa kaunjika motchipa: mataye a silika, masiketi a veleveti, mabulauzi a satini, madiresi a aperekezi a ukwati okhala ndi lesi. Iliyonse ili ndi khalidwe lake. Tayi amadulidwa mopingasa ulusi wa nsalu kuti azimangika bwino pakhosi, choncho mukamusula amatamuka ngati lasitiki. Matani kuseri kwake kansalu kopyapyala komata ndi simbi, kofewa kuposa kamene matelala amaika m'makolala, musanamudule. Chitani chimodzimodzi ndi satini woyoyoka ulusi komanso nsalu iliyonse yoonekera. Veleveti amayenda pansi pa phazi la makina chifukwa ubweya wake umakankha nsalu inzake. Mapini okha samugwira, musokeni kaye ndi manja. Simbi isamukhudze kumaso. Mugonekeni chafufumimba pa thaulo n'kumupatsa nthunzi chabe, apo ayi ubweya umagona ndipo chipsera chake chonyezimira sichichoka. Satini wa poliyesitala amasungunuka ndi simbi imene thonje limaipirira bwinobwino, ndiye yesani pa kachidutswa kaye, makamaka ngati simbi yanu ndi yamakala.

Nsalu yofiira, yabuluu wakuda ndi yakuda iyesedwe ngati ikuchucha utoto. Nyowetsani kansalu koyera, kaikeni pamwamba pake, dindani ndi simbi yotentha. Koyerako kakasintha mtundu, chapani nsaluyo mpaka madzi atayera, kapena isiyeni.

Kulumikiza zigamba

Chigamba choyamba chikhale ndi mbali 5 zosafanana kutalika, chachikulu pafupifupi masentimita 6 kapena 7, ndipo chikhale cha mtundu wakuda kuposa zinzake. Chiikeni chapambali pang'ono, osati pakati penipeni, kumaso kuyang'ana kumwamba. Cha mbali 4 chimabala masikweya okhaokha. Cha mbali 5 ndicho chimapotoza mizere yonse yotsatira.

Tengani chigamba chachiwiri, chigonekeni chafufumimba pamwamba pa choyamba, m'mphepete mwake mulingane ndi mbali imodzi. Sokani mamilimita 6 kuchokera m'mphepete, kuboola zigamba zonse ziwiri pamodzi ndi maziko, makina atatcheredwa pa sititchi ya mamilimita 2. Tembenuzani chachiwiricho kuti chione kumwamba, chisiteni chigone. Kenako dulani mbali yake imodzi kuti ipitirize mzere wa mbali yotsatira ya chigamba chapakati. Chachitatu chiyenera kuphimba mzere wonsewo, wa chapakati ndi wa chachiwiri. Muzizungulira motero njira imodzi mpaka mbali zonse 5 zitaphimbidwa, kenako mudule m'mphepete mwa zigamba zakunja mopendekeka kuti papezeke makona atsopano, n'kupitiriza mpaka pa mzere wa 23.

Zinthu ziwiri musazidumphe ngakhale mutatopa. Sitani mukangosoka msoko uliwonse, chifukwa chigamba chosasita chimasiya thumba la nsalu limene silidzagonanso. Ndipo musanatembenuze chigamba, dulani nsalu yotsala pansi pake kuti patsale mamilimita 6 okha, mosamala kuti sizasi isadye maziko. Mukasiya zotsalazo, pamalo ena singano idzafunika kuboola nsalu 5 kapena 6, zala zidzatupa, ndiponso chigamba chakuda chidzaonekera pansi pa choyera.

Vuto limene aliyense amakumana nalo ndi lakuti pamene mukutalikira pakati, mizere imatalika, ndipo zigamba zimasanduka timizere tatitali ngati matabwa a khola. Mankhwala ake ndi kulumikiza kaye zigamba ziwiri kapena zitatu zing'onozing'ono pambali, kuzisita, kuwongola mbali imodzi ndi sizasi, kenako kuzisokera pa buloko ngati chigamba chimodzi. Vuto lina ndi kona yolowa mkati ngati chilembo cha V, imene makina sangaifike ndi msoko wowongoka. Musasule. Dulani chigamba chokulirapo, pindani m'mphepete mwake mamilimita 6, sitani, chiikeni pamwamba pa mpatawo n'kuchisoka ndi manja ndi timasititchi tobisika. Umu ndi mmenenso mumapezera mizere yokhota, ndipo buloko iliyonse imakoma ikakhala ndi wokhota umodzi kapena iwiri. Kampata kakang'ono kamene bafuta akusuzumira kaphimbeni ndi lesi kapena riboni, nsonga zake muzilowetse pansi pa chigamba choyandikana.

Pomaliza dutsani ndi zigizagi m'mphepete monse. Buloko idzakhala m'manja masabata angapo, ndipo satini wosatsekedwa amayoyoka mpaka kudutsa mzere.

Ulusi ndi singano

Ulusi wopetera wamba, ngati wa DMC kapena Anchor, umabwera m'kamtolo ka mamita 8, ndipo uli ndi tiulusi 6 togwirizana. Pa maluwa ang'onoang'ono ndi zilembo mumagwiritsa tiwiri kapena titatu. Solani kamodzikamodzi kenako mutiphatikize. Mukasola titatu nthawi imodzi timapiringizana, ndipo sitigona bwino pansalu. Pamisoko, ulusi wabwino ndi wopota umene sugawidwa, wotchedwa perle. Nambala 8 ndiye wa ntchito zambiri, 5 ndi wonenepa woyenera veleveti ndi nsalu zaubweya, 12 ndi wowonda. Ukasowa, ulusi wowonda wa thonje wolukira madoilo umagwira ntchito yomweyo. Perle amaima pamwamba pa nsalu n'kuoneka patali, pamene ulusi wamba umamira mu veleveti.

Dulani masentimita 40 mpaka 45, kuchokera kunsonga ya chala mpaka pachigongono. Wautali kuposa apo umadutsa m'nsalu kambirimbiri, umatha kunyezimira, umamera ubweya ndi kumanga mfundo. Wonyezimira ngati golide ukhale masentimita 30 okha. Ukayamba kupotana, isiyeni singano ilendewere izungulire yokha.

Singano zikhale zamitundu inayi: crewel nambala 7 kapena 8 ya ulusi wamba ndi perle wowonda, chenille nambala 18 mpaka 22 ya riboni ndi ulusi wonenepa, milliners imene ndi yofanana kunenepa kuyambira kudiso mpaka kunsonga, ndi yopyapyala ya mikanda. Nambala ikamakwera singano imachepa. Ngati mukuchita kukoka mwamphamvu kuti ulusi udutse, ndipo mukumva kakuti "phu" nthawi iliyonse, singano yachepa. Ntchito ya singano ndi kutsegula bowo loti ulusi udutse osakhulika.

Za mkombero anthu amasiyana maganizo. Umathandiza kuti nsalu isakwinyike, koma umaphwanya veleveti ndi kuswa mikanda. Ngati muugwiritsa, kulungani mkombero wamkati ndi kansalu, ndipo muzichotsa mukangosiya ntchito, ngakhale mukungopita kukaphika. Pamisoko, maziko amakhala atalimbitsa kale nsalu moti manja okha amakwana. Pa ukonde wa kangaude ndi pa maluwa odzaza, mkombero ndi wofunika.

Kupeta misoko

Ndondomeko yake ndi iyi ndipo musaisinthe: lesi ndi maliboni ogona, kenako masititchi a pamisoko, kenako zithunzi za pakati pa zigamba, kenako maluwa a riboni, mikanda ndi mabatani pamapeto. Mukafulumira kuika mikanda, ulusi uliwonse wotsatira uzidzakodwa pa iyo.

Masititchi 4 ndi okwanira kuyamba nawo: feather stitch, herringbone, cretan ndi blanket stitch. Amene anaphunzira zosokasoka kusukulu aiwala mayina okha, zala zikukumbukira. Feather stitch amapetedwa kuchokera kumtunda kubwera kwa inu. Tulutsani singano pamsoko, ilowetseni mamilimita 6 kumanja pa mlingo womwewo, ndipo ituluke mamilimita 6 m'munsi, pakati pa mabowo awiriwo, ulusi uli pansi pa nsonga ya singano. Mukakoka pamabadwa ka V kogwidwa pansi. Bwerezani kumanzere, kenako kumanja. Ulusi ukapanda kukhala pansi pa singano, ka V sikagwidwa ndipo mumangopeza mzere wogona. Herringbone amayenda kuchokera kumanzere kupita kumanja pakati pa mizere iwiri, wina pamwamba pa msoko wina pansi, singano ikutola kansalu ka mamilimita 3 moyang'ana kumanzere nthawi zonse, kamodzi kumtunda kamodzi kumunsi. Iye ndiye wabwino pamene nsalu yonenepa yagundana ndi yopyapyala, chifukwa amapondereza mbali zonse ziwiri.

Sititchi iliyonse ikhale mamilimita 6 mpaka 8. Oyamba kumene amapeta timasititchi ting'onoting'ono poganiza kuti ndiko kusamala, kenako amasowa poika zokongoletsa. Kuti zilingane, donthezani timadontho ta choko cha telala motsata rula, kapena matani tepi ya pepala m'mbali mwa msoko mutailemba timizere. Tepi isakhudze veleveti, imazula ubweya. Bolopeni ndi pensulo yakuda zisayandikire kumaso kwa nsalu.

Kukoma kwa crazy quilt kuli pa kusanjikiza. Mzere woyamba ndi mafupa chabe. Bwererani ndi ulusi wa mtundu wina n'kuika lazy daisy, kaja kooneka ngati tsamba, pansonga ya nthambi iliyonse ya feather stitch, kapena timizere titatu totambasuka ngati phazi la nkhuku pamwamba pa mtanda uliwonse wa herringbone. Ulendo wachitatu muike French knot, kamfundo kobulungira kopangidwa pozunguliza ulusi pa singano, kapena mkanda pansonga. Ndi masititchi 4 a pansi ndi zowonjezera zitatu mungapete misoko 30 popanda iwiri yofanana. Musakometse yonse mofanana. Misoko iwiri kapena itatu ilemere, yotsalayo ikhale ya maulendo awiri, diso lipeze popumira. Ulusi usiyane ndi nsalu zonse ziwiri zimene ukudutsa; womwe ukuoneka bwino pa chigamba chakumanja n'kusowa pa chakumanzere umachititsa msoko kuoneka wodukaduka. Yambani ndi misoko ifupiifupi imene imathera pa ina, kuti yaitali idzaphimbe nsonga zake.

Nsalu ikakwinyika motsata msoko, mukukoka kwambiri. Ulusi ugone pansalu, usaimange. French knot akamasowa kuseri, ndiye kuti mukulowetsa singano pabowo lomwe inatulukira; isunthireni pambali ndi kaulusi kamodzi ka nsalu. Akamalendewera ngati nkhupakupa, mwazunguliza kambiri kapena mwasiya ulusi msanga. Zungulizani kamodzi kapena kawiri, dzanja lamanzere ligwire ulusi mpaka utatsala pang'ono kutha, ndipo mukafuna mfundo yaikulu onjezani kunenepa kwa ulusi. Bullion knot, uja wooneka ngati mbozi, amafuna singano ya milliners, chifukwa ya crewel ili ndi diso lotupa limene limakanirira m'mapindo.

Kangaude ndi ukonde wake amapezeka pa makwiliti ambiri akale, ndipo ankatengedwa ngati chizindikiro cha mwayi. Ali ndi ntchito inanso: amadzaza chigamba chachikulu chopanda kanthu mosachilemetsa. Kokani mizere 6 kapena 7 italiitali yokumana pamalo amodzi, ikhomeni ndi timasititchi ting'onoting'ono kuti isalendewere, kenako yalani ulusi wozungulira n'kuukhoma pamene wadutsa mzere uliwonse. Kangaudeyo ndi mikanda iwiri, waukulu ndi waung'ono, ndi miyendo 8 yopindika, yochokera pa mkanda waung'onowo.

Riboni wopetera weniweni ndi wa silika, wa mamilimita 2, 4, 7 kapena 13, ndipo amadulidwa masentimita 30. Riboni wa satini wa m'mashopu, womangira mphatso, ndi wouma. Akadutsa m'nsalu amasiya bowo ndipo sagona. Komabe amapanga duwa la rozi labwino, chifukwa duwalo limalukidwa pamwamba. Ndi perle petani mizere 5 yotalika sentimita imodzi yochokera pakati ngati masipoko a njinga. Tulutsani riboni pafupi ndi pakati, muzimudutsitsa pamwamba pa sipoko imodzi, pansi pa yotsatira, mozungulira, mukumulola apotoke yekha, mpaka masipoko atabisika. Masipoko akhale 5 kapena 7. Akakhala 4 kapena 6 riboni amadutsa pamwamba pa omwewo ulendo uliwonse ndipo duwa silimangika.

Mikanda isokedwe ndi ulusi wolimba wa poliyesitala wophatikiza, kudutsa kawiri pa mkanda uliwonse, ndi mfundo kuseri pakatha mikanda itatu kapena inayi, kuti umodzi ukaduka isayoyoke yonse. Ikhale sentimita imodzi ndi theka kuchokera pa mzere wa 20, kuopa kuthyola singano ya makina polumikiza. Mikanda yotchipa yopakidwa utoto pamwamba imasuluka ndi thukuta lenileni la m'manja. Ipukuteni ndi kansalu konyowa muone. Pa chinthu cha mwana wakhanda musaike mkanda kapena batani ngakhale limodzi.

Ntchito za nyengo

Crazy quilt imayenderana ndi tinthu ta nyengo chifukwa tinthuto n'tating'ono, sitichapidwa kawirikawiri, ndipo timatulutsidwa mwezi umodzi pachaka. Kumaiko kumene lusoli linachokera, chotchuka ndi sokosi yaikulu ya Khirisimasi yopachika pakhoma, timitima ndi tinyenyezi ta pamtengo, maungu a nsalu a mwezi wa Okutobala, ndi mazira a Isitala.

Chofunika kuwerengera ndi nthawi. Msoko umodzi wa maulendo atatu umadya mphindi 30 mpaka 45. Buloko ya misoko 10 ndi maola 6 kapena 7, kuwonjezapo chithunzi chimodzi ndi mikanda ndi maola 10. Sokosi ya masentimita 45 kutalika ili ngati mabuloko awiri ndi theka. Wopeta ola limodzi madzulo alionse ayambe mu Okutobala ngati akufuna sokosi ziwiri pa Khirisimasi. Wokonzera mphatso Tsiku la Anakubala, limene ku Malawi ndi pa 15 Okutobala, ayambe mu Ogasiti.

Posoka sokosi, jambulani chithunzi chake pa maziko, lumikizani zigamba kupitirira mzere, petani, ndipo mudule mutamaliza zonse. Kumaso kokha ndiko kwa zigamba. Kumbuyo kukhale nsalu imodzi. Podula nsalu yakumbuyo ndi ziwiri za mkati, kumbukirani kuti sokosi ili ndi kumanja ndi kumanzere. Gonekani nsalu ziwiri maso kuyang'anizana n'kudula pamodzi, apo ayi mudzapeza zala za sokosi zikuloza kosiyana. Pa chidendene ndi pokhota pa phazi temani timipata m'mphepete mwa msoko musanatembenuze, kuti pasachite makwinya. Dzina lipetedwe ndi stem stitch kapena chain stitch pa kansalu ka pakamwa pa sokosi musanakalumikize.

Pa tokongoletsa ta masentimita 10 musavutike kulumikiza kalikonse pakokha. Sokani buloko imodzi ya masentimita 25 ya zigamba zing'onozing'ono, jambulanipo timitima 4, petani mkati mwa mizere yokha, ndiye mudule. Mukapeta buloko yonse kenako n'kudula, sizasi imadula ulusi ndipo mizere imasomoka. Mukafuna kupeta chithunzi cha chipale chofewa, kumbukirani kuti chili ndi nthambi 6. Cha 8 ndi nyenyezi.

Mapatani ambiri a nyengo 4 amene ali pa intaneti amatsata chaka cha ku Ulaya ndi ku America, kumene Disembala ndi woyera ndi chipale. Wokhala ku Manchester akhoza kuwatsata mmene alili. Wokhala ku Zomba, ku Chipata kapena ku Tete amadya Khirisimasi chimanga chili m'mawondo, ndiye ndi bwino mabuloko ake 4 anene za dzinja, masika, chisanu ndi chilimwe. Dzinja lifuna zobiriwira zamitundumitundu ndi chigamba chimodzi chotuwa ngati mtambo. Mvula ndi timizere topendekeka ta ulusi wasiliva, tosafanana kutalika. Ngumbi ndi bullion knot wamfupi wa bulauni ndi mapiko 4 a lazy daisy aataliatali, a kaulusi kamodzi koyererako. Masika ndi achikasu ndi agolide: chisononkho cha chimanga chimapangidwa ndi mizere 4 ya French knot kapena ya mikanda yachikasu yothinana, makoko ake ndi riboni wa mamilimita 7, ndevu zake ndi tiulusi tosiyidwa tolendewera. Mpendadzuwa ndi batani labulauni lozunguliridwa ndi lazy daisy.

Duwa lofiira lija la poinsettia, limene makadi amaliika pa Khirisimasi, kuno limafiira mu Juni ndi Julayi, chifukwa limatsata kufupika kwa masana. Malo ake ndi pa buloko ya chisanu, pa nsalu zaubweya zotuwa ndi zabuluu, pamodzi ndi udzu wouma wa feather stitch wa ulusi wa khaki. Chilimwe ndi cha dothi lofiira, masamba atsopano ofiirira a mombo, ndi jakaranda: nthambi za stem stitch zakuda, pamwamba pake French knot wambirimbiri wa mitundu iwiri ya pepo yophatikizidwa m'singano imodzi, ena atagwa pansi pa mtengo. Kuti mabuloko 4 osiyana chonchi aoneke a banja limodzi, nsalu imodzi, mwina veleveti wakuda, ipezeke mu iliyonse, ndipo ulusi umodzi wagolide udutse pa msoko umodzi wa iliyonse.

Kumaliza ndi kusunga

Sitani buloko kuseri kokha, itagona chafufumimba pa thaulo lopindidwa kawiri kuti mfundo ndi maluwa zimire m'menemo. Yezaninso sikweya ya 20 ndi rula, chifukwa yasuntha, ndipo dulani kusiya sentimita imodzi ya msoko. Pakati pa mabuloko ikani mizere ya nsalu yakuda ya masentimita 4. Kulumikiza buloko ndi buloko mwachindunji kumaunjika nsalu zambiri pamsoko umodzi.

Crazy quilt sisokedwa mizeremizere yodutsa nsalu zonse monga makwiliti ena. Ndi yonenepa kale, ndipo mizereyo ingasokoneze zopeta. Ikani nsalu yakumbuyo, ndipo mumange ndi perle pa masentimita 10 mpaka 15 alionse: singano ichokere kumbuyo, itole maziko okha kapena itulukire pansi pa batani, ibwerere, mumange mfundo kumbuyo. Mukapanda kumanga, kulemera kwa mikanda kumakoka kumaso ndipo chopachika pakhoma chimachita mimba m'munsi.

Yokhala ndi silika, veleveti ndi mikanda sichapidwa. Fumbi lichotsedwe ndi burashi yofewa. Mukafuna khushoni yoti ana azikhalira, sokani ya thonje lokhalokha lochapidwa kale, ndi perle wosachucha, popanda riboni ndi mikanda, ndipo muzichapa ndi manja m'madzi ozizira. Dzuwa limasulutsa silika m'miyezi yochepa, choncho khoma loyang'anizana ndi zenera silabwino. Nyengo yake ikatha, kulungani m'shiti yoyera ya thonje. M'jumbo ya pulasitiki chinyezi cha dzinja chimatsekeredwa, nsalu imachita nkhungu, ndipo mikanda ya waya ndi mabatani achitsulo zimasiya dzimbiri. Muzitulutsa kawiri pachaka, kuyang'ana njenjete pa zigamba zaubweya, ndi kupinda mwatsopano posintha mapindo.

Musanaike nsalu yakumbuyo, petani zilembo zoyamba za dzina lanu ndi chaka pa chigamba chimodzi chosalala cha pakona, ndi tiulusi tiwiri ta back stitch, zilembo zotalika sentimita imodzi, ndipo zikhale masentimita 2 kuchokera pa mzere wa msoko.